Penti, Matailosi ndi Mipando Yosakhalidwa

Tiyambire ku Area 25. Bambo wina anatumidwa ndi akazi awo kukagula nsalu ya makatani kumsika wa Tsoka. Tepi yoyezera inali itasowa, ndiye anangoima pazenera la pabalaza, kutambasula mikono uku ndi uku, n'kunyamuka ali chitambasulire. Mu minibasi kondakitala anati, "Akulu, pindani mikono, mzere uwu ndi wa anthu anayi." Iwo anati, "Ndilipira mipando itatu, koma zenera langa musalikhudze." Anafika nalo bwinobwino mpaka pamlatho, pamene anakumana maso ndi maso ndi apongozi awo aamuna atatambasula dzanja. Madzulo mayi atafunyulula kansalu kamene kanabwera anafunsa, "Bambo, aka n'ka zenera liti?" Bambo anati, "La pabalaza lomwe lija. Linachepa ndikupereka moni kwa bambo anu."

Ku Chilobwe banja lina linakhala pansi kusankha mtundu wa penti. Mayi anati wabuluu. Bambo anati, "Anthu aziti ndife a DPP, apo ayi a Manoma." Wachikasu? "UDF." Wa olenji? "PP." Wobiriwira? "Kongeresi." Wofiira? "UTM, ndiponso Maule anandikhumudwitsa Lamlungu lapitali." Pofika usiku panali patatsala woyera yekha. Anapaka woyera mkati, woyera kunja, n'kuika kabenchi pakhonde kuti paoneke bwino. Kutacha anapeza amayi atatu atakhala pabenchipo, ana kumsana, timabuku m'manja, akufunsa kuti sikelo iyamba nthawi yanji.

M'sitolo ina ya ku Limbe wogulitsa anachita kufotokoza mpaka thukuta. PVA ndi wa madzi, amauma msanga, ngwa makoma a pabalaza ndi m'zipinda. Gloss ndi wa mafuta, amawala, ngwa zitseko ndi mafelemu, ndipo burashi yake mumatsuka ndi thina. Khoma latsopano liyambe lamwa undercoat. Bambo ankalemba zonse kuseri kwa envulopu. Mayi anali chete, akungogogoda chidebe cha malita 20 ndi chala, kuyesa chogwirira, kutsegula ndi kutseka chivundikiro. Kenaka anati, "Tipatseni ziwiri." Wogulitsa anafunsa, "Mtundu wanji, mayi?" Mayi anati, "Uliwonse. Ife tikufuna ndowa."

Wopenta wina wa ku Bangwe anapatsidwa chidebe chimodzi kuti apake zipinda zinayi. Anapaka zinayizo, anapaka khonde, anapaka khola la nkhuku, chidebe chili chodzazabe. Mpopi wokha ndi umene unkadziwa chinsinsi. Mwininyumba ankangoyamika kuti penti ameneyu ngwodalitsika. Khoma litauma, zonse zimene ana analembapo ndi makala zaka zapitazo zinatulukanso, kuphatikizapo 2 + 2 = 5. Mwininyumba analoza pamenepo n'kukalipa, "Amisiri, ichi n'chiyani?" Wopenta anayang'anitsitsa, anawerenga zala, n'kunena, "Zoona bwana, n'zolakwika. Koma masamu sanali pa mgwirizano wathu."

Pa msewu wa Malangalanga ku Lilongwe, pamene masitolo a zomangira ali mbali ndi mbali, panali mkulu wina amene ankalowa sitolo iliyonse n'kupempha sampulo ya tailosi imodzi kuti akaonetse akazi awo. Lolemba sitolo iyi, Lachitatu iyo, Loweruka ya pakona. Chaka chisanathe bafa lonse linali litaikidwa matailosi, palibe awiri ofanana. Mdzukulu wawo wa ku koleji anachita kujambula, akuti kunja anthu amalipira ndalama zambiri kuti bafa lioneke choncho. Mu Januwale mkuluyo analowanso m'sitolo yoyamba ija n'kuyamba, "Akazi anga akufuna aone kaye..." Mwinisitolo anatulutsa tailosi pansi pa kauntala n'kunena, "Ndinakusungirani, bwana. Chaka chino tili kukhitchini kapena tikadali kubafa?"

Mphunzitsi wa masamu ndiye anaonjeza. Matailosi a 60 kwa 60 amabwera anayi m'katoni, katoni imodzi imakwana masikweya mita 1.44. Iye anayeza balaza, anagawa, anapeza makatoni ake ndendende. Woika matailosi anati, "Aphunzitsi, onjezani katoni imodzi ya zoduladula ndi zosweka." Aphunzitsi anati masamu sanama. Ntchito itatha panatsala kamalo kamodzi kopanda tailosi pakati penipeni pa balaza, ndipo kusitolo mtundu umenewo unali utatha. Kuyambira tsiku limenelo, alendo akamagogoda, mwana womaliza ankauzidwa kuti akaime pamenepo osasuntha. Chaka chino mnyamatayo wasankhidwira kusekondale yogonera komweko. Bambo ake akana.

Tikwere pang'ono, tipite ku Area 10. Mnyamata wina wolemera analemba katswiri wokongoletsa nyumba, ndipo katswiriyo anati masiku ano chimene chikuyenda ndi chikhalidwe chathu. Khoma limodzi analisenda pulasitala kuti njerwa zioneke. Pakhoma lina anakhomapo malichero asanu ndi awiri. Pansi anayala mkeka, pakona anaimika mtondo n'kuikamo udzu wouma, makapu anakagula oumba ku Dedza Pottery, mipando ya nsungwi yolukidwa. Bilu yake munthu akanagula nayo galimoto. Mayi ake atabwera kuchokera ku Ntchisi anaima pakhomo, anayang'ana khoma, anayang'ana mkeka, anayang'ana udzu umene wamera mumtondo, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sanadye bwino, sanagone bwino, m'mawa anabwerera. Patapita sabata kunafika thumba la simenti la makilogalamu 50 ndi kakalata: "Mwana wanga, ukanandiuza kuti ntchito inatha. Ndagulitsa mbuzi ija. Mata khomalo anthu asatiseke."

Ku Ndirande mayi wina anachezeredwa ndi mnzake amene amakhala ku Cape Town. Mlendo atalowa anawomba m'manja. Pabalaza panali mpando umodzi, katebulo kamodzi ndi msomali pakhoma. "Asisi, mwafika patali! Kumene ndimagwira ntchito kuja azungu olemera amakhala chonchi, katundu wochepa, malo ambiri, mpweya kumayenda. Anakukonzerani ndani?" Mayi anati, "Bambo wina wa katapila. Ndikupatseni nambala? Amabwera ndi lole yake yomwe."

Za ku Joni sizitha. Achimwene ena a kumeneko anaimbira mng'ono wawo foni kuti khoma la pakati pa khitchini ndi balaza ligwetsedwe, chifukwa nyumba za kumeneko zilibe khoma limenelo, wophika amacheza ndi alendo. Mmisiri anati, "Auzeni kuti mitanda ya denga yagona pakhoma lomweli." Achimwene anati, "Mmisiri ameneyo anayamba wadutsapo pa Beitbridge? Gwetsani." Anagwetsa. Madzulo foni inaliranso. "Aphwanga, patseguka?" Mng'onoyo anati, "Patseguka zedi, achimwene. Munthu akakhala pabalaza akuona kukhitchini, akakhala kukhitchini akuona mwezi."

Wina wa ku Joni komweko ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, mng'ono wake n'kumamutumizira zithunzi pa WhatsApp: siling'i ya gypsum ili mbee, magetsi obisika m'mphepete, matailosi owala, makabati a kukhitchini mpaka kudenga. Pa Khirisimasi anatulukira osanena. Pamalo pake anapeza maziko ndi chimanga chofika m'chiuno. Ali chiimire, mnansi wa nyumba yokongola ya pafupi anatuluka n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. "Ndinu achimwene aja? Mulungu akudalitseni. Mng'ono wanu amandipatsa K5,000 pa chithunzi chilichonse. Mwezi wamawa ndikuika makatani atsopano, muwafuna amtundu wanji?"

Ku Mchesi akalipentala amakhoma mipando, mabedi ndi mabokosi a maliro pa benchi imodzi, ndiye polankhula nawo pamafunika kutchula chinthu ndi dzina lake. Mkamwini wina amene ankakonza chipinda cha alendo anafika n'kungoti, "Amisiri, ndikufuna pogona apongozi anga." Kalipentala anavula chipewa. "Pepani, bwana. Thabwa lanji, mbawa kapena paini?" Mkamwini anati, "Paini yemweyo, sakhalitsa." Kalipentala anati, "Mwachita bwino kukonzekeratu. Mufuna liti?" Iye anati, "Loweruka. Akazi anga sakudziwa, ndikufuna adzangodabwa." Loweruka apongozi atatsika basi anaperekezedwa kuchipinda chawo, mkamwini ali kuntchito. Madzulo anamuitana. "Zikomo bambo, nsalu yake njofewa, ndipo ndakwanamo ndendende. Koma ine usiku ndimadzukadzuka, chivundikirochi muchotse."

Kalipentala wina analumbira pa dzina la malemu agogo ake kuti tebulo lodyera limene akugulitsa ndi mlombwa weniweni, thabwa limene chiswe chimaliopa. Linali paini wa ku Chikangawa atampaka vanishi wakuda kawiri. Mvula itangoyamba mwendo umodzi unasanduka ufa, ndiwo zonse pansi. Mwini tebulo anapita ndi mwendowo m'manja. Kalipentala anaununkhiza, anaugogoda, n'kupukusa mutu. "Bwana, vuto si thabwa. Chiswe cha kwanu n'chosaphunzira, mlombwa sichiudziwa."

Mmisiri wokhoma mashelefu anafika ndi levulo yake yaitali, kuigoneka apa, kuigoneka apo, kutsinzina diso limodzi. Atachoka, mayi anasanja makapu. Makapu anayenda okha mwaulemu, imodzi imodzi, mpaka pansi. Ataitanidwa mmisiri anagonekanso levulo n'kunena kuti shelefu ili bwino, yapendama ndi nyumba. Bambo anatenga levuloyo kuyang'ana. "Amisiri, kathovu ka m'kati muno kali kuti?" Mmisiri anati, "Kaja? Kamangothawathawa n'kumandisokoneza. Ndinathiramo madzi kadzaze."

Mnyamata wa lendi ku Kawale anamva kuti kalilole wamkulu amakulitsa chipinda. Anagula wofika kudenga n'kumukhoma khoma lonse. Alandilodi atabwera kudzatenga ya mwezi anaima pakhomo n'kutong'ola maso. "Iwe, ine ndinakupatsa chipinda chimodzi. Kuyambira lero lendi ndi ya ziwiri." Anayang'ananso, n'kuloza. "Ndipo chidala chamimba icho chikundilozacho chituluke lero lomwe, sindinachilole kukhala muno."

Mnzake wa nyumba yoyandikana nayo anaitana kalipentala kuti amukhomere wadiropu m'chipinda momwemo, yazitseko zinayi, yokwana khoma lonse. Tsiku losamuka wadiropu inakana kutuluka. Anaiimika, anaigoneka, anachotsa chitseko cha chipinda, ayi ndithu. Alandilodi omwe aja anaonerera mpaka dzuwa kupendeka, kenaka anati, "Musaivutitse, itsale. Koma muiuze kuti lendi ndi pa 1."

Agogo aamuna anaitanidwa kudzaona nyumba ya mdzukulu itakonzedwa. Anawaonetsa chipinda chachikulu chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chake mkati. Anawaonetsa khitchini ya matailosi mpaka kudenga, imene mayi wapanyumba salola kuti ide ndi utsi. Kenaka anawatulutsa kuseri kumene mtsikana anali kuvundula nsima pambaula. Agogo anakhala chete nthawi yaitali, akusisita ndodo. "Mdzukulu, ndimve bwino. Mukafuna kuphika mumatuluka panja, mukafuna kudzithandiza mumalowa kuchipinda?" Mdzukulu anavomera monyadira. Agogo anati, "Womangayo pulani anaigwira chadodolido."

Titsikire kuchigwa. Bambo wina amene anakhala zaka zambiri ku Manchester anabwerera kwawo ku Nchalo n'kulamula kuti pabalaza pamangidwe malo osonkhapo moto ndi chumuni yake, ngati kumene anachokera. Mmisiri anafunsa ngati bwana akukumbukira mmene Nchalo imakhalira mu Okutobala. Bwana anati nyumba yopanda pootha moto si nyumba. Mpaka lero sanayatsepo ngakhale kachitsotso. Nkhuku ndi imene inapakonda, inaikirapo mazira. Anawatola ali ophikaphika.

Nanga kapeti yoyera mu Lilongwe, mzinda wa fumbi lofiira? Mayi wina wa ku Area 49 anaigula ndithu, n'kukhazikitsa lamulo lakuti aliyense azivula nsapato pakhonde, kaya ndi abusa kaya ndi a khansala. Tsiku lina kunafika malume awo, amene anayenda wapansi kuchokera kudepoti dzuwa lili pamutu, atavala majombo opanda masokosi. Anamvera lamulo mosanyinyirika. Anavula jombo loyamba, mphaka anatuluka. Anavula lachiwiri, ana anatsatira mphaka. Mayi anagwada mwaulemu n'kunena, "Malume, inu ndinu akulu, lamuloli silikukukhudzani. Valani."

Kunyumba ina kalendala ya 2009 inakhala pakhoma zaka zonsezi chifukwa kuseri kwake kunali mng'alu wolowa dzanja. Pokonza nyumba amisiri anaumata, anasalaza, anapaka penti, khoma lili see. Bambo anabwera ndi hamala, msomali wa mainchesi sikisi ndi kalendala yawo. Mayi anati, "Bambo, ya chiyaninso? Mng'alu uja anatseka." Bambo sanayankhe. Anamenya kamodzi, kawiri, kachitatu khoma linang'aluka kuyambira pamsomali mpaka pansi. Anapachika kalendala n'kubwerera m'mbuyo. "Mwaona? Mukanataya."

Mkulu wina anakatenga koteshoni mu Okutobala 2023: siling'i, matailosi, penti, zitseko, zonse papepala limodzi losindikizidwa chidindo. Mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti, iye osalabadira, akungosunga pang'onopang'ono mpaka ndalama ya papepalapo inakwana. Anapita nayo kusitolo atabwereka lole. Mwinisitolo anawerenga pepala, anawerenga ndalama, n'kuitana mnyamata kuti akweze katundu wa bwana: zidebe ziwiri za penti, burashi ndi loko. Atafika kunyumba mkuluyo anagula felemu, anaikamo koteshoni ija n'kuipachika pabalaza pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Alendo akafunsa amati, "Izi n'zinthu ziwiri zimene ndinalonjezedwa."

Mayi wina anatenga ngongole kubanki m'khonde kuti agule makatani, ndipo anauza telala kuti akufuna okhuthala, a nsalu ziwiri, osalola ngakhale kadzuwa. Telala anati, "Mayi, pabalaza pamafunika opyapyala kuti kuwala kuzilowa." Mayi anati, "Kuwala kukalowa, maso a msungichuma alowanso."

Panali banja lina limene polandira alendo silitopa, kapena tinene kuti alendo satopa nalo. Pokonza nyumba katswiri anati chipinda cha alendo chikhale ndi matiresi ofewa, kanyale ka pambali pa bedi ndi penti woziziritsa mtima. Bambo anamukokera pambali. "Matiresi akhale a mainchesi awiri. Soketi muiike kuseri kwa wadiropu. Zenera mulisunthe liyang'ane kuchigayo." Zonse zinachitika. Alamu anafika kudzakhala masiku atatu, usiku woyamba chigayo chinalira mpaka kucha. M'mawa anatuluka maso ali psuu, chikwama m'manja, bambo mtima uli mbee. Masana alamu anabwerera akumwetulira, ufa uli m'tsitsi. "Alamu, zenera lija landithandiza. Andilemba ntchito pachigayo, ndiye ndizigona pompano, m'pafupi."

Sofa ya mayi wina wa ku Zingwangwa inagulidwa mu 2012 ndipo mapulasitiki ake sanachotsedwepo. Ana ankakhala pansi, bambo pa mpando wa ndalema, abusa ankaloledwa kutsamira chogwirira chokha. Pokonza nyumba sofayo inatulutsidwa pakhonde kuti isadonthere penti, usiku akuba anainyamula. M'mawa anansi anasonkhana kudzapepesa, mayi akugubuduka pansi. Wina anati, "Limbani mtima anzathu, katundu amagulidwa." Mayi anati, "Sindikulira ndalama ine. Anthu amenewo ndikuwadziwa, alibe mwambo. Akakhalapo!"